Pakati pa Soldier ndi Matafale, Ine Ndine wa Soldier

Ndiyambe ndi kukhumudwitsa ena mwa inu kuti tisawonongerane bandulo. Mwa oyimba awiri amene anayimbira mmphawi wa dziko lino mpaka dziko lonse n'kutchera khutu, Lucius Banda ndi Evison Matafale, wamkulu ndi Lucius. Ndikudziwa kuti marasta ena atseka kale foni uku akupukusa madiredi. Amene mwatsala, sendezani mpando tikambirane ngati anthu.

Mkangano umenewu sukalamba. Umabuka m'minibasi ya ku Monkey Bay dalaivala akangosintha nyimbo pa fulashi. Umabuka pa bawo, pa shopu yometera, ngakhale pagombe la Msaka alovi akamasoka chilimira podikira kuti mwera uleke. Ndipo kulikonse umatha mofanana. Wina amaponya chiganizo chimodzi, "Matafale anafera chilungamo, Soldier anadya za ndale," basi onse zii, ngati majisitireti wagamula. Chiganizo chimenecho ndi chimene ndabwera kudzalimbana nacho. Ndi chaulesi, ndipo chimaulula zambiri za ife ochinenafe kuposa za anthu awiri amene tikuwayezawo.

Ulemu uyambe wapita kumene ukuyenera. Matafale sanali woyimba wamba. Mnyamata wa kwa Singano ku Chileka, wa mtundu umodzi ndi ana a malemu Robert Fumulani, anatulutsa Kuimba 1 mu 1999 mothandizidwa ndi Wailing Brothers, kenako Kuimba 2 mu 2001 ali ndi gulu lake la Black Missionaries. Zimbale ziwiri basi. Koma m'zimbale ziwirizo muli Watsetsereka, Olakwa Ndani, Yang'ana Nkhope, nyimbo zoti mpaka lero zikalira pa sipika munthu umayamba wasiya kutafuna. Mawu ake anali ndi kanthu kena, ngati munthu amene akudziwa kuti nthawi yake ndi yochepa ndiye sakufuna kutaya liwu ngakhale limodzi. Kuno ku Mangochi, kumene mzikiti ndi tchalitchi zimayang'anizana pamsewu umodzi, ndipo andale amadziwa bwino kusonkhezera moto pakati pake, Yang'ana Nkhope ndi ulaliki woti ashehe ndi abusa onse angathe kuuvomera popanda kukangana.

Pa 27 November 2001 anamwalira ali m'manja mwa apolisi ku Lilongwe, patangopita masiku ochepa chimugwirireni chifukwa cha makalata amene analemba odzudzula boma la a Bakili Muluzi. Anamugwira akudwala. Aboma anati chinamupha ndi chibayo, ndipo anthu ambiri mpaka lero sanakhutire ndi yankho limenelo. Palibe munthu wa mutu wake amene angachepse imfa imeneyi, ndipo ine sindiyesa n'komwe. Anali ndi zaka 32.

Gwirani nambala imeneyo, 32, tiyende nayo pang'ono.

Lucius anabadwa pa 17 August 1970 kwa Sosola ku Balaka, apa pakhomo pathu pomwe. Zaka 32 anakwanitsa mu 2002. Tsopano tayerekezani kuti Soldier anatisiya chaka chimenecho. Akanakhala ndani m'mitu mwathu? Mwana wa Alleluya Band ya ku parishi ya Balaka, wosulidwa ndi mkulu wake Paul Banda, amene anatulukira ndi Son of a Poor Man m'nyengo ya riferendamu ya 1993 ndi chisankho cha 1994, anthu akadali ndi chizolowezi choyang'ana kumbuyo asanatchule dzina la Kamuzu. Woyimba Mabala, nyimbo imene inauza dziko kuti kusintha boma sikupoletsa zilonda za zaka 30. Woyimba Mizimu, yokumbutsa anthu amene anatha mu ulamuliro wa chipani chimodzi. Mwini wa Down Babylon ndi Cease Fire. Chaka chomwecho cha 2002, Reuben Chirambo wa ku Chancellor College anali atalemba kale nkhani ya ukachenjede yotchedwa Mzimu wa Soldier, yosanthula nyimbo zake ndi ndale za dziko lino. Pa nthawiyo Lucius sanali phungu, sanagonepo m'ndende, nkhani ya satifiketi kunalibe. Akanapita pamenepo, bwenzi lero nkhope yake ili pa matisheti pambali pa Bob Marley, ndipo bwenzi inu nomwe mukundilumbirira kuti woyimba ngati ameneyo sadzabadwanso.

Mwaona? Chimene timachitcha kuyera kwa Matafale ndi kuda kwa Lucius, mbali yake yaikulu ndi kalendala chabe. Wina anamulanda zaka zake. Winayo anapatsidwa zina zoposa 20 zoti akule, akhumbire, alakwitse ndi kukonza. Matafale wa zaka 45, wa ana ku sekondale ndi lendi pakhosi, wa chipani chikugogoda pakhomo ndi envelopu m'manja, sitinapatsidwe mwayi womuona. Mwina akanawapirikitsa. Ine mumtima ndimakhulupirira kuti akanawapirikitsa. Koma chikhulupiriro changa si umboni, ndipo sitingatenge mayeso amene munthu sanalembe n'kumupatsa distinction, kwinaku tikukwapula mnzake amene analemba mapepala onse n'kulephera awiri.

Tsopano milandu ya Soldier. Sindiibisa, poti wokonda munthu mobisa zolakwa zake ndi wachipani, si womvera nyimbo.

Mu 2004 anayima pa tikiti ya UDF ku Balaka North n'kupambana. UDF yomweyo imene inkalamula pamene Matafale anafera m'manja mwa apolisi, zaka zitatu zisanathe n'komwe. Ili ndiye bala lenileni, ndipo wokonda Soldier amene amalumpha mfundo imeneyi akudzinamiza yekha. Anayimba Yellow, nyimbo ya kampeni yeniyeni, ndipo kuno kwathu kumene chikasu chinali ngati yunifomu ya boma lonse, makolo athu anaivina mpaka fumbi koboo. Mu 2006 khoti linamupeza wolakwa pa nkhani ya satifiketi ya MSCE n'kumulamula kukakhala kundende miyezi 21. Anabwereranso ku Nyumba ya Malamulo mu 2014, kenako anatsatira malemu Saulos Chilima ku UTM. Pomwalira pa 30 June 2024 ku chipatala cha Sunninghill ku Johannesburg, patangopita masiku 20 ndege ya a Chilima itagwa ku Chikangawa, anali mlangizi wa pulezidenti Lazarus Chakwera pa za achinyamata ndi luso. Msilikali wa amphawi anathera m'maofesi a boma, ndipo m'zaka zomalizazo ukali wa lilime lake unazirala. Tonse tinamva.

Koma werengani mbiriyo mpaka kumapeto, osaimira pamene pakukomerani. Atalowa m'Nyumba ya Malamulo, mu 2005 anali patsogolo pa aphungu amene ankakonza ndondomeko yochotsera pulezidenti pampando, nthawi ya a Bingu wa Mutharika. Chaka chotsatira ndi pamene anapezeka ali ku ndende ya Zomba. Ine sindine loya wake ndipo za satifiketi sindimuyeretsa. Ndikungoti muone mmene zinthuzo zinatsatirana. Anatuluka mu November 2006 atachita apilo, mpando wauphungu utapita, ndipo m'malo mobisala ndi manyazi anatenga nambala ya chitokosi chake n'kuipanga dzina la chimbale, Cell 51 Maximum. Mu 2010 MBC inatsekera khomo chimbale chake cha 15-15 My Song. Amwene, munthu wogulidwa timamudziwa. Amakhala pamzere wakutsogolo pamsonkhano, nyimbo yake imalira pa wailesi ya boma m'mawa ndi madzulo, ndipo ku Zomba amangodutsa pa galimoto. Walira mvula walira matope, zoona, ndipo Soldier anaponda matopewo mpaka m'mawondo. Kungoti ponena kuti anadya za ndale muzimaliza chiganizocho: ndalenso zinamudya iye.

Tisiye za makhoti, tikambe nyimbo, poti ndi zimene tinawadziwira anthuwa.

Pa kamvekedwe pokha, Matafale ndimamupatsa popanda ndewu. Rege yake ndi yolemera, besi imagunda pachifuwa penipeni. Chimene timachitcha rege ya ku Balaka, ndi kiyibodi yake ija, nthawi zina chimamveka chopepuka, ndipo m'zimbale zina za Soldier muli nyimbo zongodzazira kaseti kuti ikwane mbali zonse ziwiri isanapite kwa O.G. Issa. Munthu wosinja zimbale pafupifupi 20, gaga sangalephere.

Kusiyana kwenikweni kuli pa malo amene aliyense amaimirira poyimba. Matafale amayimba ataima paphiri ngati mneneri. Amaona patali, amakuuza za Babulo, za chiweruzo, za kumene dziko likulowera, ndipo iwe pansipa umangoti eya, zoona. Lucius amayimba ali m'kati mwa minibasi, atapanikizika pa mzere wa anthu anayi ngati ife tomwe, thumba la usipa lili pamapazi. Sakuyang'ana pamwamba pako. Akukuuza nkhani ya munthu wakutiwakuti, ya chiyambi ndi mathero, m'Chichewa cha pamsika choti ngakhale agogo a ku Namwera amene kunyumba amayankhula Chiyao chokhachokha amachitsata osaphonya.

Ndipo apa ndi pamene pagona nkhani yanga yonse. Mmphawi wa ku Mangochi salimbana ndi Babulo maola 24. Mayi woyanika usipa pathandala ku Malembo ali ndi mwamuna amene anapita ku Joni, chaka chachinayi chino, ndipo foni inasiya kulira. Mnyamata wa kabaza pa mlatho wa Bakili Muluzi ali ndi chibwenzi chimene makolo ake akufuna mkamwini wobwera ndi njinga yamoto kuchokera ku Joni komweko. Mlovi akabwerako kunyanja chimanjamanja amapeza wakatapila ali pakhomo, ndipo wakatapila sadziwa za mwera. Anthu amenewa amafunsira, amakanidwa, amakwatira, amasiyidwa, amaika maliro, amachitiridwa kaduka ndi abale awo enieni, amapemphera, ndipo Loweruka likafika amafuna kuvina aiwaleko. Lucius analemba za sabata yonseyo. Amene anayimba Mabala ndi yemweyo anayimba Tina, Jennifer ndi Zulu Woman. Amene ankatokosa maboma ndi yemweyo amene nyimbo zake zimalira pa chinkhoswe, pa ukwati, m'golosale, ndi m'lole yonyamula anthu opita kumaliro. Matafale ali ndi nyimbo ya usiku umene wakwiya ndi dziko ndipo ukufuna kufunsa Mulungu mafunso. Soldier ali ndi ya usiku umenewo, ndi ya m'mawa mwake, pamene uyenera kudzuka kukafuna ya ufa.

Ena amati kuyimba za chikondi ndi za ukwati kunachepetsa kulemera kwa Soldier. Amene amatero amaganiza kuti mmphawi ndi chikwangwani cha pa zionetsero, osati munthu. Kumulemekeza mmphawi ndi kuvomereza kuti nayenso mtima wake umasweka chifukwa cha mkazi, osati chifukwa cha mtengo wa feteleza wokha.

Mkangano wamtundu uwu si wathu tokha. Ku Jamaica amakangana za Bob Marley ndi Peter Tosh. Ku America amakangana za Bruce Springsteen wa ku New Jersey ndi John Mellencamp wa ku Indiana, onse oyimbira anthu a m'mafakitale ndi m'matauni ang'onoang'ono. Koma umene ukufanana kwambiri ndi wathu ndi wa ku Zimbabwe, wa Thomas Mapfumo ndi Oliver Mtukudzi. Mapfumo ankaluma boma la Mugabe mosapsatira mpaka anasamukira ku America. Tuku anatsala, ankayankhula mophiphiritsa, ndipo ena ankamunena kuti ndi wamantha. Koma pomwalira mu 2019 anasiya Pakare Paye ku Norton, malo amene ana amaphunzirirako luso. Funso la kumeneko ndi lathu lomweli: poyeza woyimba tiwerenge kukuwa kwake kokha, kapena tiwerengenso zimene anasiyira ena?

Pa muyeso wachiwiriwu Soldier alibe mnzake m'dziko muno. Anayambitsa Zembani Band mu 1997, ndipo m'manja mwake munadutsa Billy Kaunda, Mlaka Maliro, malemu Paul Chaphuka, Wendy Harawa, Emma Masauko ndi ena ambiri. M'dziko limene woyimba akatchuka amayamba wakankha makwerero kuti wina asakwere, iye ankatulutsa anthu amene mawa lake ankapikisana naye pamsika womwewo. Kenako anabweretsa Sand Music Festival pamchenga wa nyanja yathu, kuno ku Mangochi ndi ku Salima, n'kuitana anthu ngati Busy Signal, Diamond Platnumz ndi Awilo Longomba kudzagawana siteji ndi ana a kuno. Inde, tikiti yake si ya mlovi, ndipo ambiri a m'midzi yozungulira amamvera besi ali kuseri kwa mpanda. Zimenezo n'zoona ndipo n'zowawa. Koma kafunseni amayi a kanyenya, anyamata a kabaza ndi eni maresiti hausi kuyambira pa boma mpaka ku Makawa kuti sabata ya chikondwerero chotere imasiya chiyani m'thumba.

Mundiuza kuti Matafale nayenso anasiya Black Missionaries. Zoona, ndipo Ma Blacks ndi gulu loti ulemu wake sungathe. Koma tisabere anthu thukuta lawo. Amene ananyamula dzinalo ndi malemu Musamude Fumulani mpaka 2007, kenako Anjiru ndi Chizondi ndi anzawo, ndi iwo amene anafikitsa Kuimba kupitirira nambala 10 ndi kusunga chikumbutso cha ku Chileka chaka ndi chaka. Matafale anadzala mbewu yabwino. Kupalira, kubandira ndi kukolola anachita ndi ena, poti iye sanaloledwe kuona dzinja lachitatu.

Tsopano ndifike pa ife, poti ndinanena kuti chiganizo chija chimatiulula.

Ife obadwa chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990 sitinamuonepo Matafale pa siteji. Tinamulandira ali kale chithunzi, nkhope yosakalamba, yosapempha voti, yosadwala. Soldier tinamuona ndi maso. Tinamuona akunenepa, akutuluka thukuta, akupempha mavoti, akuluza chisankho cha 2019, akuvutika ndi impso. Munthu amene wamuona akupuma wefuwefu n'kovuta kumupembedza. Chithunzi ndiye sichivuta.

Ndipo chithunzicho chimatithandiza, eti? Ndife tomwe tinakuwa m'misewu mu 2019 za chisankho cha Tippex, ndife tomwe tinkalumbira ku koleji kuti ife ndiye sitidzagulidwa. Lero tili pamzere ndi ma CV ku maofesi a boma lomwelo. Timavala tisheti ya aliyense amene ali ndi alawansi. Abwana akamasolola timayang'ana kumbali poti kontirakiti ikutha December. Sindikuseka aliyense, njala ilibe digiri. Koma tikatero timatenga Matafale n'kumusandutsa sopo wosambira chikumbumtima. Kumuika pa status mwezi wa November sikulipiritsa kanthu. Mwa ife amene timavala nkhope yake, ndi angati anafunapo kudziwa zimene komishoni yofufuza imfa yake inapeza? Ndi angati amatsegula pakamwa munthu wina wopanda dzina akafera m'chitokosi cha apolisi lero lino? Ngati kukonda Matafale kumathera pa kunyoza Lucius, ndiye kuti sitinamumve n'komwe Matafaleyo.

Soldier satipatsa mpumulo wotere, n'chifukwa chake ena amamuda. Amafanana nafe kwambiri. Analowa m'kati monga ambirife tikufunira kulowa, anadetsa manja monga ambirife tidzadetsere, anagwa dziko lonse likuona. Moyo wake ukutifunsa funso limene chithunzi sichingafunse: ukadzalowa, ukadzagwa, udzakhalabe ndi choti unene? Ndipo ukamadzapita, ndi angati adzakhale ataima chifukwa unawagwira dzanja? Iye anayankha ndi zimbale, ndi bandi, ndi chikondwerero, ndi anthu amene mpaka lero akudyera luso. Yankho lake lili ndi mabala ake, koma ndi yankho.

Ndikupatseni ntchito ya kunyumba. Tengani Kuimba 1 ndi Kuimba 2 mumvere motsatana; madzulo amodzi akukwanirani, ndipo mugona muli ndi mkwiyo woyera. Kenako yambani Son of a Poor Man, mutsike ndi Down Babylon, Cease Fire, Cell 51 Maximum, Life, Time, mpaka Crimes. Zimenezo zikutengerani sabata, ndipo mukamamaliza mudzakhala mutamva dziko lino likuyenda kuchokera m'masiku omaliza a Kamuzu, kudutsa a Muluzi, a Bingu, amayi Joyce Banda ndi a Peter Mutharika, likulonjezedwa, likunamizidwa, likuvina, likuikanso maliro, zonse m'mawu a munthu mmodzi amene anali momwemo. Mukamaliza mudzandipeze tidzakangane bwinobwino. Koma mudzabwere ndi nyimbo. Mfundo yoti wina anafa msanga mudzaisiye kunyumba.